Mbiri ya Kakhadi ka Mapilisi 28: Masiku 7 a Kondomu Anacokera Kuti?

Ambiri mwa ife tinakaonapo kakhadi kaja, kaya m'cikwama ca mkulu wathu, kaya pansi pa pilo, kaya m'dirowa ya amai pamodzi ndi makhadi a kusikelo. Kali ndi mapilisi 28. Oyamba 21 ndi a mtundu umodzi, otsiriza 7 ndi a mtundu wina, kawirikawiri ofiirira, ndipo pali timivi toonetsa kolowera. Pa kiliniki anamwino amapereka kakhadiko ndi malangizo acangu cifukwa mzere panja ndi wautali: imwani limodzi tsiku lililonse, mukaiwala citani zakutizakuti, gwiritsirani nchito kondomu masiku 7. Pofika kunyumba munthu amakumbukira mbali yoyamba cabe. Ndiye cifukwa cake mafunso amene acinyamata amatumiza pa mapulogalamu a zaumoyo pa wailesi amakhala amodzimodzi caka ndi caka. Wina waiwala masiku awiri ndipo afuna kudziwa ngati ali pa ngozi. Wina wayamba mankhwala a TB ndipo afunsa ngati mapilisi akugwirabe nchito.

Malangizowa savuta kukumbukira tikadziwa kumene anacokera. Lamulo lililonse la kakhadi kaja linabwera pambuyo pa zimene zinacitikira akazi enieni. Ena anadwala, ena anatenga mimba asakufuna, ena anamwalira. Tiyeni tibwerere kumbuyo tione.

Akalulu ndi mpama wakuthengo

Mkazi akakhala ndi pakati satenganso mimba ina pamwamba pa yoyambayo, cifukwa thupi lake limapanga homoni yochedwa progesterone imene imaletsa dzira lina kutuluka. Mu 1921 wasayansi wa ku Innsbruck m'dziko la Austria, Ludwig Haberlandt, anaonetsa zimenezi pa akalulu. Anatenga matumba a mazira a akalulu okhala ndi bere n'kuwaika mwa akalulu ena aakazi, ndipo akaluluwo anakhala kanthawi osatenga bere. Iye anaganiza kuti tsiku lina homoniyi idzathandiza anthu kulera. Koma panthawiyo progesterone inali yodula kwambiri popeza ankaitenga ku ziwalo za nyama pang'onopang'ono, ndiponso munthu akaimeza inali kuonongeka m'ciwindi isanagwire nchito yokwanira.

Vuto la mtengo linatha ndi mpama. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1940, katswiri wa mankhwala wa ku America, Russell Marker, anapeza kuti mpama wina wakuthengo wa m'dera la Veracruz ku Mexico uli ndi cinthu cimene angacisandutse progesterone yambiri pamtengo wotsika. Mu 1944 iye ndi anzake anayambitsa kampani ya Syntex mumzinda wa Mexico City. Vuto laciwiri linatha m'kampani yomweyo pa 15 Okutobala 1951, pamene Luis Miramontes, wophunzira wa zaka 26 amene anali kugwira nchito pansi pa Carl Djerassi ndi George Rosenkranz, anapanga norethisterone, homoni yofanana ndi progesterone imene imagwira nchito ngakhale munthu ataimeza. Pasanapite nthawi Frank Colton wa kampani ya Searle ku America anapanga ina yofanana nayo yochedwa norethynodrel. Onsewa sanali kufunafuna njira ya cilezi kwenikweni. Maganizo awo anali pa mavuto a msambo ndi kupita padera.

Amene anali kufuna pilisi la cilezi anali akazi awiri okalamba. Margaret Sanger anali namwino amene amai ake anatenga mimba 18 n'kubereka ana 11. Mu 1916 anatsegula kiliniki ya cilezi ku Brooklyn mumzinda wa New York, ndipo apolisi anaitseka patangopita masiku ocepa n'kumumanga, cifukwa lamulo la mu 1873 linali kuletsa ngakhale kufalitsa uthenga wa zolera. Mu 1951 anakumana ndi wasayansi Gregory Pincus n'kumupempha kuti apange pilisi losavuta kumwa. Ndalama zinacokera kwa mnzake wolemera, Katharine McCormick, amene anapereka pafupifupi madola 2 miliyoni. Min Chueh Chang, wasayansi wobadwira ku China, anayesa mahomoni atsopano aja pa akalulu, ndipo mu 1954 dokotala wa ku Boston, John Rock, anawayesa pa akazi 50. Palibe mmodzi mwa iwo amene anatulutsa dzira pamene anali kumwa.

Akazi a ku Río Piedras

Lamulo la ku Massachusetts silinali kulola kuyesa njira ya cilezi poyera, conco mu 1956 kafukufuku wamkulu anapita ku cilumba ca Puerto Rico, m'dera la Río Piedras, kumene kunali nyumba za boma za anthu osauka. Akazi a kumeneko anauzidwa kuti pilisili limaletsa mimba, koma sanauzidwe bwino kuti likali kuyesedwa ndiponso kuti lingawadwalitse. Dokotala amene anali kuyang'anira nchitoyi, Edris Rice-Wray, analemba kuti pilisi likuletsadi mimba, koma akazi 17 pa 100 alionse anali kudandaula nseru, cizungulire, mutu ndi kusanza. Akuluakulu a kafukufuku sanalabadire kwenikweni madandaulowa. Akazi atatu anamwalira m'nthawi ya kafukufukuyo ndipo mitembo yawo sinapimidwe kuti cidziwike cimene cinawapha.

Tiyenera kuikamba mbali iyi ya mbiri mosabisa. Sanger mwiniwake anali kugwirizana ndi maganizo ofala a nthawi imeneyo akuti anthu ena sayenera kubereka kwambiri, ndipo anthu osauka ndiwo anali kulozedwa cala. Makolo athu akamakayikira njira za cilezi zocokera kunja, sakuyambira pacabe. Cimene akazi a ku Río Piedras anamanidwa ndi cidziwitso, ndipo ndico cimene ife lero tili ndi ufulu wocifunsa pa kiliniki iliyonse.

M'kafukufuku woyambirira munapezekanso cinthu cina mwangozi. Homoni ya Searle inali itasakanikirana ndi homoni ina pang'ono ya mtundu wa estrogen. Ataiyeretsa, akazi anayamba kutaya magazi pakati pa mwezi, conco anaibwezeramo dala. Umu ndi mmene linabadwira pilisi la mahomoni awiri, ngati Microgynon amene timalandira m'makiliniki athu. Pilisi loyambalo, lochedwa Enovid, linaloledwa ku America mu 1957 ngati mankhwala a mavuto a msambo, ndipo mu 1960 linaloledwa ngati njira ya cilezi. Ku Britain linayamba kuperekedwa m'zipatala za boma kumapeto kwa 1961.

Cifukwa cake pali sabata yopuma

Mahomoni aja munthu atamamwa osalekeza, msambo umaima. Rock anaona kuti akazi amene anali kuwathandiza, msambo ukaima, mawere n'kumapweteka ndi nseru pamwamba, anali kuganiza kuti ali ndi pakati. Conco iye ndi Pincus anakonza zoti mkazi azimwa masiku 20 n'kupuma kuti magazi atuluke monga mwa nthawi zonse. Pambuyo pake masikuwo anakhala 21 akumwa ndi 7 opuma. Rock anali Mkatolika wodzipereka ndipo anali kuyembekezera kuti Mpingo udzalandira pilisili poona kuti likutsatira kayendedwe ka mwezi wa mkazi. Mu Julayi 1968 Papa Paul VI anatulutsa kalata yochedwa Humanae Vitae imene inakana njira zotere, koma sabata yopuma inatsalira pa kakhadi mpaka lero.

Magazi amene amatuluka m'sabata yacinayi amabwera cifukwa mahomoni a m'pilisi alekezedwa. Sakucapa m'mimba, ndipo palibe zonyansa zimene zimaunjikana ngati sanatuluke. Mu 2019 bungwe la akatswiri a zaubereki la ku Britain linanena poyera kuti kupuma masiku 7 kulibe phindu lililonse pa thanzi la mkazi.

Sabata yopumayi ndiyo malo ofooka a njira yonseyi. Mahomoni akasiya kulowa, matumba a mazira amayamba kudzuka, ndipo pofika tsiku la 7 mwa akazi ena dzira limakhala litayamba kukula. Mkazi akayamba kakhadi katsopano pa tsiku lake, mahomoni amaligonekanso. Akacedwa masiku angapo, dzira lija lingakhwime n'kutuluka. Conco mapilisi oopsa kwambiri kuwaiwala ndi oyamba a kakhadi katsopano ndi otsiriza a mahomoni m'sabata yacitatu, pakuti onsewa amatalikitsa nthawi yopuma. Akatswiri anapezanso kuti kumwa mapilisi a mahomoni masiku 7 motsatizana ndiko kumagoneka matumba a mazira mokwanira. Apa ndi pamene panacokera masiku 7 a kondomu. Tikumbukirenso kuti mbeu ya mwamuna imatha kukhala yamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, kotero kugonana kwa Loweruka kungakumane ndi dzira lotuluka Lacitatu.

Enovid anali kubwera m'kabotolo ngati mankhwala a mutu, ndipo mkazi anali kuwerenga yekha masiku pa kalenda. David Wagner, injiniya wa ku Illinois, ataona kuti iye ndi mkazi wake akulephera kukumbukira ngati pilisi la tsikulo lamwedwa, anapanga kacipangizo koika pilisi lililonse pa tsiku lake, ndipo boma linamupatsa umwini wa luso limeneli mu 1964. Makampani anatengera nzeruyi. Pambuyo pake anawonjezera mapilisi 7 opanda mahomoni kuti cizolowezi ca kumwa tsiku ndi tsiku cisaduke, ndipo m'makhadi ambiri amene amabwera kuno muli ayironi wothandiza magazi. Munthu akaiwala limodzi la ofiirira aja palibe ngozi, angolitaya n'kupitiriza. Cofunika ndi kuyamba kakhadi katsopano pa tsiku lake.

Magazi oundana ndi kutsika kwa mphamvu

Pilisi limodzi la Enovid linali ndi mamiligalamu pafupifupi 10 a norethynodrel ndi mamaikulogalamu 150 a estrogen. Mu 1961 madokotala ku Britain ndi ku America anayamba kulemba za akazi acicepere omwa mapilisi amene magazi anaundana m'miyendo ndi m'mapapo. Kafukufuku wa zaka zotsatira anatsimikiza kuti estrogen yambiri ndiyo inali kukulitsa ngoziyi, ndipo mu Disembala 1969 komiti ya boma la Britain yoona za mankhwala inalangiza kuti mapilisi asamapitirire mamaikulogalamu 50. Caka comweco mtolankhani Barbara Seaman anatulutsa buku lochedwa The Doctors' Case Against the Pill. Mu Januwale 1970 nyumba ya malamulo ya ku America inaitana akatswiri kudzakamba za nkhaniyi, koma sinaitane mkazi aliyense womwa mapilisi kuti apereke umboni. Gulu la akazi acitsikana, pakati pawo Alice Wolfson, linaimirira m'cipindamo n'kumafunsa mofuula cifukwa cake. Zotsatira zake, boma linalamula kuti paketi iliyonse izikhala ndi kapepala kofotokozera wakumwa ngozi zake. Kapepala kamene ambiri a ife timataya tisanakawerenge kanabwera motero.

Microgynon wa lero ali ndi mamaikulogalamu 30 a estrogen ndi 150 a levonorgestrel. Ngozi ya magazi kuundana inatsika kwambiri, ndipo kwa mkazi wathanzi ndi yocepa kuposa imene mimba yeniyeniyo imabweretsa. Komabe siinatheretu, ndiye cifukwa cake anamwino amapima BP asanapereke kakhadi. Pilisi la mahomoni awiri siliyenera kwa mkazi wa BP yokwera, wosuta fodya amene wafika zaka 35, amene magazi anamuundanapo, wodwala mutu wa cing'alang'ala umene umayamba ndi kuona zong'anima, kapena amene wangobereka kumene. Kugula kakhadi ku kemisiti popanda kupimitsa kapena kubwereka ka mnzathu kumatidumphitsa mafunso amenewa.

Pilisi la amai oyamwitsa ndi maola atatu

Pothawa estrogen, asayansi anapanga pilisi la homoni imodzi, limene linayamba kugulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo ku America linafika mu 1973. Kwathu kuno timalidziwa kwambiri ndi dzina la Microlut, ndipo kawirikawiri limapatsidwa kwa amai oyamwitsa. Mphamvu yake ndi yocepa, moti sililetsa dzira kutuluka mwezi uliwonse. Nchito yake yaikulu ndi kulimbitsa cikazi ca pakhomo la ciberekero kuti mbeu ya mwamuna isadutse. Kulimbako kumayamba kutha pakangopita tsiku limodzi, conco pilisili lifunika kumwedwa pa ola lomwelo. Mkazi akacedwa maola opitirira atatu, amwe pomwe wakumbukira, apitirize monga mwa nthawi zonse, ndipo agwiritsire nchito kondomu masiku awiri, nthawi imene cikazi cija cimatenga kuti cilimbenso. Mapilisi onse a m'kakhadi aka ali ndi homoni ndipo palibe sabata yopuma. Atsikana awiri angakhale onse akumwa mapilisi koma malamulo awo n'kukhala osiyana, conco ciyambi ca zonse ndi kudziwa dzina la kakhadi kathu.

Phunziro locokera ku odwala TB

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, madokotala a ku Germany anaona zacilendo mwa akazi odwala TB amene anali kumwa mankhwala atsopano ochedwa rifampicin. Ambiri anali kutaya magazi pakati pa mwezi, ndipo ena anatenga mimba ngakhale anali kumwa mapilisi awo mokhulupirika. Cinapezeka n'cakuti rifampicin amafulumizitsa ciwindi, cimene cimaphwanya mahomoni a m'pilisi asanagwire nchito. Nkhani iyi ndi yathu kwambiri, pakuti rifampicin ali m'gulu la mankhwala amene wodwala TB m'Zambia amamwa miyezi 6, ndipo mbale wake rifapentine ali m'mankhwala ena oteteza TB. Amene ali pa mankhwalawa asadalire mapilisi a mtundu uliwonse. Afunika kondomu nthawi yonse ya mankhwala ndi masiku ena 28 atatsiriza, cifukwa ciwindi cimatenga nthawi kubwerera mwakale. Cabwino koposa ndi kupempha anamwino njira imene mankhwalawa saisokoneza, monga nyeleti ya miyezi itatu kapena lupu.

Mankhwala ena a khunyu, monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital, amacita cimodzimodzi. Pa ma ARV, efavirenz amene ambiri anali kumwa kale amacepetsa mahomoni a cilezi m'magazi, pamene dolutegravir wa m'mankhwala a TLD sacita zimenezo. Kwa zaka zambiri anthu anali kuuzidwa kuti mankhwala alionse opha tizilombo amafooketsa pilisi, koma kafukufuku anaonetsa kuti ofala monga amoxicillin satero. Ngozi imabwera pokhapokha ngati acititsa munthu kusanza kapena kutsegula m'mimba. Mau amodzi kwa dokotala, akuti tili pa mapilisi a cilezi, ndi okwanira kuti aone ngati mankhwala ake agwirizana nawo.

Mmene zinafikira kwathu

Kulera sikunabwere ndi azungu. Agogo athu anali kudziwa kuti kutumbiza kumafooketsa mai ndi mwana yemwe, ndipo anali ndi njira zawo: kuyamwitsa nthawi yaitali, mwamuna kugona padera mpaka mwana atakhwima, ndi zina zimene anamkungwi anali kuphunzitsa. Moyo wa m'tauni unasintha zambiri mwa izi. Banja la m'cipinda cimodzi ku Chawama kapena ku Kanyama lilibe kwina kogona, ndipo mai wopita ku nchito sangayamwitse usana wonse.

Bungwe limene lero timalidziwa ndi dzina la Planned Parenthood Association of Zambia linayamba mu 1972, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya ciwerengero ca anthu mu 1989. Kukayikira kunali kwakukulu m'dera lathu lonse. Ku Malawi boma la Kamuzu Banda linaletsa nchito za kulera mpaka linalola ndondomeko yotalikitsa nthawi pakati pa ana mu 1982. Ku Zimbabwe boma latsopano linaletsa nyeleti ya Depo-Provera mu 1981, anthu akukumbukira mmene inali kuperekedwera kwa akazi akuda mu ulamuliro wa azungu. Pang'onopang'ono zinthu zinasintha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 1992 anapeza kuti akazi okwatiwa 9 pa 100 alionse m'Zambia anali kugwiritsira nchito njira zamakono za cilezi, ndipo wa mu 2018 anapeza 48, ambiri mwa iwo ali pa nyeleti.

Pamene mapilisi anali kufala, kunabwera cina cimene Pincus ndi Rock sanaciganizire. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko kuti mwana wake anamwalira ndi AIDS, panthawi imene ambiri anali kuopa ngakhale kuchula dzina la matendawa. Mu 1992 makondomu a Maximum anafika m'mashopu ndi m'tuntemba. Kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti akuluakulu 11 pa 100 alionse m'dziko lathu ali ndi HIV, ndipo akazi ndiwo oculuka. Pilisi siliteteza ku HIV, cindoko kapena cinzonono, ngakhale litamwedwa pa mphindi yake. Kumayiko ena kondomu amaiona ngati yongothandizira pilisi likaphonyeka. Kwa ife amene sitinapimitse pamodzi ndi wokondedwa wathu, ndi ya tsiku lililonse.

Zimene zaka zonsezi zatisiyira

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa akazi 100 omwa pilisi mosaphonya, osakwana mmodzi ndiye amatenga mimba m'caka coyamba. Koma mmene anthu amamwera pa moyo weniweni, amakhala pafupifupi 7. Kusiyanaku kumacokera ku zinthu zazing'ono zimene tonse timazidziwa: ulendo wa mwadzidzidzi wa kumaliro ku Petauke kakhadi katatsala ku Lusaka, sabata ya mayeso, kubisa mapilisi pamalo povuta kufika kuti a kunyumba asawaone, kapena kupeza kuti pa kiliniki atha.

Woyamba kumwa pilisi la mahomoni awiri m'masiku 5 oyambirira a msambo amakhala wotetezedwa pomwepo. Akayamba tsiku lina lililonse, ali wotsimikiza kuti alibe pakati, afunika kondomu masiku 7, ndipo pa pilisi la homoni imodzi masiku awiri. Woiwala pilisi limodzi amwe pomwe wakumbukira, ngakhale zitatanthauza kumwa awiri tsiku limodzi, ndipo safunika cina. Pa kuiwala oculukirapo, akatswiri amasiyana pang'ono. Kuyambira mu 2004 WHO imati pa mapilisi a mphamvu ngati ya Microgynon ngozi imayamba pa atatu, pamene ku Britain ndi ku America amawerengera kuyambira pa awiri. Ife tiona kuti kutsatira awiri ndiko kwanzeru, pakuti kondomu ya sabata imodzi siipweteka munthu. Conco woiwala awiri kapena kuposerapo, kapena wocedwa kuyamba kakhadi katsopano masiku otero, amwe limodzi pomwepo, apitirize tsiku ndi tsiku, ndipo agwiritsire nchito kondomu kapena adziletse mpaka atamwa a mahomoni masiku 7 motsatizana. Ngati kuiwalako kwacitika m'sabata yacitatu, atsirize a mahomoni, ataye ofiirira 7 aja, n'kuyamba kakhadi katsopano tsiku lotsatira. Wosanza pasanathe maola awiri atamwa amwe lina. Kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri kukapitirira masiku awiri, aziwerengera ngati waiwala.

Ngati kugonana kopanda kondomu kwacitika kale m'masiku amenewa, makamaka kuciyambi kwa kakhadi, pali pilisi lapangozi. Dokotala wa ku Canada, Albert Yuzpe, anafalitsa njira yoyamba yotere mu 1974, ndipo mu 1998 kafukufuku wa WHO anaonetsa kuti levonorgestrel yekha amagwira bwino kuposa njira ya Yuzpe ndiponso sasanzitsa kwambiri. Ndiye ali mu Postinor-2 ndi ena ofanana naye. Amacedwetsa dzira kutuluka, ndipo sacotsa mimba imene yakhazikika kale. Angamwedwe mpaka masiku 5, koma mphamvu yake imacepa tsiku lililonse likapita, conco kudikira Lolemba pa zimene zacitika Lacisanu ndi kutaya mwai. Atamwa, mkazi apitirize kakhadi kake ndi kondomu masiku 7, ndipo ngati msambo sunabwere pakatha masabata atatu akapimitse mimba. Lupu ya mkuwa yoikidwa m'masiku 5 omwewo imateteza kuposa pilisi lapangozi.

Pali mbali imene ikhudza ife amuna mwacindunji. Masiku 7 aja sangatheke ndi mkazi yekha. Mtsikana akanena kuti anaiwala mapilisi ndipo sabata ino pafunika kondomu, wacita mbali yake yonse, ndipo yotsalayo ili kwa mnyamata. Kunyinyirika kapena kumuuza kuti kamodzi sikapweteka ndi kumusiyira yekha mimba, sukulu yoduka ndi mafunso a makolo. Ndipo mkazi amene waona kuti miyezi itatu yotsatizana wakhala akuiwala asadziimbe mlandu. Njira ya tsiku ndi tsiku siiyenera aliyense, ndipo pa kiliniki yomweyo pali nyeleti, kapulasitiki ka pamkono ndi lupu zimene sizidalira kukumbukira.

Akazi a ku Río Piedras anamwa pilisi loyamba popanda wowauza zimene tafotokoza pano. Ife tili ndi kapepala m'paketi, anamwino oti tiwafunse ndi alamu pa foni. Tisanacoke pa windo la kiliniki kapena la kemisiti, tifunse zinthu zitatu: dzina la pilisi ndi mtundu wake, zocita tikaiwala, ndiponso ngati ligwirizana ndi mankhwala ena amene tikumwa. Ngakhale mzere kumbuyo kwathu ukhale wautali, mafunso atatuwa satenga mphindi zisanu.